Petrichor: dzina la fungo lomwe chilimwe chimasunga m'nthaka

Pali liwu lina la Chingerezi lomwe ngakhale eni chinenerocho ambiri salidziwa, chonsecho chinthu chomwe limatchula tonsefe tidachidziwa tili ana. Liwulo ndi petrichor. Ndi dzina la fungo lija limatuluka m'nthaka youma madontho oyamba a mvula akangoigwera, patapita nthawi yaitali kuli ng'amba. Polinena, zilembo za "ch" zimamveka ngati "k", ndipo mphamvu imakhala pa phatikizo loyamba: pe-tri-ko. Wolitchula ndi "ch" wa m'mawu akuti "chimanga" waphonya.

Liwuli ndimalikonda, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona momwe likugwiritsidwira ntchito masiku ano. Lalowa m'ndakatulo, m'maina a perefyumu ndi makandulo onunkhira, ndiponso pansi pa zithunzi za pa Instagram zoonetsa zenera lonyowa kapena munthu atafunda ambulera. Kufalako ndilibe nako mlandu. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri akulitenga ngati dzina lokongola la mvula ina iliyonse, pomwe phata la tanthauzo lake ndi kuuma. Popanda chilimwe palibe petrichor.

Ukaliona koyamba umayesa ndi liwu lakalekale, lochokera m'nthawi ya Agiriki. Zigawo zake n'zakaledi, koma liwu lenilenilo lidabadwa mu 1964, chaka chomwe Malawi adalandira ufulu wodzilamulira. Ambiri mwa agogo athu ndi aakulu kuliposa. Adalipanga ndi asayansi awiri a ku Australia, Isabel Joy Bear ndi Richard Thomas, omwe ankagwira ntchito ku Melbourne m'bungwe la boma la kafukufuku lotchedwa CSIRO, m'nthambi yofufuza za miyala ndi zam'migodi. Nkhani yawo idatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu Malichi chaka chimenecho. Mayi Bear adalowa m'bungweli ali mtsikana m'zaka za m'ma 1940 ngati wothandizira chabe mu labotale, maphunziro ake n'kumachita uku akugwira ntchito. Adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94, ataona liwu lomwe adapanga ndi mnzawo uja likuyenda pakamwa pa anthu omwe sadalowepo mu labotale.

Awiriwa sanali olemba ndakatulo, ndipo sadakhale pansi kusaka liwu lomveka bwino m'khutu. Adali ndi vuto la dzina lolakwika. Akatswiri a miyala ankalidziwa kale fungoli. Akafuna kudziwa ngati mwala uli ndi dongo ankaupumira mpweya wa m'kamwa kenako n'kuununkhiza, ndipo fungo lotulukalo ankalitchula kuti argillaceous odour, kutanthauza fungo la dongo, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti argilla. Bear ndi Thomas adaona kuti fungoli silituluka m'dongo mokha. Limatulukanso m'miyala ya mitundumitundu, malinga ikhale kuti yakhalitsa pamtetete, m'mpweya wotentha ndi wouma. Dzina lotchula dongo lokha lidali lochepa ndiponso losocheretsa.

Zomwe adachita n'zosavuta kuzimvetsa. Adatenga miyala ndi dothi zomwe zidakhalitsa padzuwa, n'kupititsamo nthunzi, kenako n'kuiziziritsa nthunziyo. Adapezamo timafuta tochepa kwambiri, tachikasu, tomwe tidali ndi fungo lija. Timafutati sitichokera m'kati mwa mwala ayi. M'nyengo youma, zomera ndi zinthu zomwe zikuwola zimatulutsa tizinthu tosaoneka tomwe timayandama m'mpweya. Miyala ndi dothi, pokhala ndi timibowo tambirimbiri, zimatimwa ndi kutisunga, ndipo tikakhalitsa pamenepo timasintha pang'onopang'ono. Chilimwe chikatalika, zosungidwazo zimachulukanso. Tsiku lomwe chinyezi chafika, madzi amalowa m'timibowo tija n'kukankhira kunja zomwe zidabisalamo. Ndi chifukwa chake fungoli limatha kuyamba dontho ngakhale limodzi lisanagwe, mpweya ukangolemera ndi chinyezi. Amayi aja amathamangira kukanula ufa pamphasa n'kumati kukununkhira mvula sakhala akulota.

Tsono dzina latsopanolo adalilumikiza ndi mawu awiri a Chigiriki. Loyamba ndi petra, thanthwe, m'bale wake wa petros, mwala. Limeneli tili nalo kale pakati pathu ngakhale sitiliganizira: ndi lomwe lili m'dzina la Petro, ndiponso m'petulo wa galimoto, poti petroleum ndi mafuta a m'thanthwe. Lachiwiri ndi ichor. M'nthano za Agiriki, milungu yawo idalibe magazi ngati a anthu. M'mitsempha mwawo munkayenda madzi ena apadera, ndipo dzina la madziwo lidali limeneli. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza chinthu chonga magazi a mwala, kapena kuti madzi a moyo obisika m'thanthwe.

Ena amati dzinali n'lodzikuza, lalikulu kuposa timafuta tachikasu ta m'botolo la mu labotale. Ine sindiona choncho. Mwala ndi chinthu chomwe aliyense amachiyesa chakufa, chouma gwa, chosatulutsa kanthu. Asayansi aja adaonetsa kuti umamwa, umasunga, ndipo nthawi yake ikakwana umabweza. Posankha ichor adanena zoona za chinthu chomwe adachiona ndi maso. Ndipo ndimalemekeza anthu a sayansi omwe, atapeza chinthu chokondweretsa mtima, sachita manyazi kuchipatsa dzina lokondweretsanso.

Sindiyesa kuti zidangochitika mwangozi kuti liwuli lidabadwira ku Australia, osati ku England. Ku London mvula imagwa mwezi uliwonse wa chaka. Nthaka ya kumeneko sikhala miyezi yambiri yotsatizana osalawa madzi. Australia ndi dziko lomwe mbali yaikulu ndi youma, la alimi oweta ng'ombe ndi nkhosa omwe amadziwa kuyang'ana kumwamba kwa miyezi osaona mtambo. Bear ndi Thomas adatchulanso m'nkhani yawo kuti ng'ombe zomwe zazunzika ndi chilala zimatekeseka zikamva fungoli. Woweta wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, sangadabwe nazo zimenezi.

Kwathu kuno chaka chimachita kugawika pakati. Mvula ikatsanzika cha mu Epulo, nthaka imayamba ulendo wake wouma. Kumabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, mphepo ya Ogasiti youlutsa fumbi, anyamata osaka mbewa n'kutentha tchire mpaka mapiri kuda bii ndi lupsa. Pofika Okutobala, dothi la m'munda lang'aluka, njira za m'mudzi zasanduka phulusa, ndipo usiku anthu amagona pakhonde pothawa kutentha kwa malata. Miyezi yonseyi nthaka ikusunga. Ndiye tsiku lina masana mitambo imasonkhana, kamphepo n'kutembenuka, ndipo chizimalupsa chimawaza kwa mphindi zochepa n'kuleka. Fungo lomwe limadzuka pamenepo, losakanikirana ndi la phulusa la lupsa lonyowa, ndiye petrichor weniweni, wokhwima miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Patsogolo pake, mvula ikagwa yokwanira, ngumbi zimatuluka ndipo ana amathamangira kuchulu ndi mabeseni.

Yerekezani ndi Januwale kapena Febuluwale, mvumbi ukamata masiku atatu osadukiza. Nako kumakhala fungo: la matope, la zovala zosauma, la nkhungu pakhoma, la udzu wowola m'mbali mwa ngalande. Limeneli si petrichor. Nthaka idakhuta kale, zomwe idasunga m'chilimwe zidatsukika kalekale. Munthu wolemba kuti akumva petrichor pakati pa mvumbi wa Febuluwale wagwiritsa ntchito liwu lomwe sadalifunse tanthauzo. Pokhapokha patagwa ng'amba ya masabata angapo pakati pa dzinja, chimanga n'kuyamba kufota, mpamene mvula yobwerera ingadzutsenso kafungo kaja, ngakhale sikafika pa ka mu Okutobala.

Kwa zaka zambiri funso lina lidatsala lopanda yankho lomveka: fungoli limachoka bwanji pansi kufika m'mphuno mwa munthu woimirira, nthawi zina ali kutali? Mu 2015, Cullen Buie ndi Youngsoo Joung a pa yunivesite ya MIT ku America adaliyankha pogwiritsa ntchito makamera ojambula mwaliwiro kwambiri. Adagwetsa madontho a madzi pa zinthu za mitundu 28, zina mwa izo dothi la mitundu yosiyanasiyana, ndipo adabwereza kuyesaku pafupifupi ka 600. Adaona kuti dontho likamenya nthaka yokhala ndi timibowo, limatsekera timpweya pansi pake. Timpweyato timakwera m'kati mwa dontholo ngati tithovu, n'kuphulikira pamwamba, n'kumwaza timadzi tosaoneka ndi maso tomwe mphepo imatinyamula. M'timadzi timeneti ndimo mumakwera fungo lija.

Chomwe chidandigwira mtima pa kafukufukuyu n'chakuti mvula yowaza ndi yapakatikati ndiyo imamwaza timadzi tambiri. Chimvula champhamvu, chogwa ngati akuchita kukhuthula, chimamenya nthaka mofulumira kwambiri moti tithovu tija sitipeza mpata wopangika bwino. Mphuno zathu zidadziwa kale zimenezi. Fungo lokoma kwambiri silibwera ndi chimvula chogwetsa zipupa. Limabwera ndi kamvula kofatsa kogwera pa fumbi lotentha.

Pali fungo linanso lomwe anthu amalisokoneza ndi petrichor, lakuthwa, lokhala ngati la waya wamagetsi akathetheka, lomwe limamveka kukamachita ziphaliwali mvula isanafike. Umenewo ndi mpweya wa ozoni, womwe umapangika mphenzi ikang'amba mpweya wa okosijeni, ndipo mphepo yotsika m'mitambo imaubweretsa pansi. Umachokera kumwamba, pomwe petrichor amachokera pansi. Zimangofika nthawi imodzi.

Chisokonezo chachikulu, chomwe ngakhale olemba nkhani za sayansi amagweramo, chili pakati pa petrichor ndi liwu lina lakuti geosmin. Limeneli lidabadwa chaka chotsatira, mu 1965, pomwe Nancy Gerber ndi Hubert Lechevalier a pa yunivesite ya Rutgers ku New Jersey adapatula kachinthu kamodzi komwe kamanunkhiritsa dothi longogaulidwa kumene. Nalonso dzinali n'la Chigiriki: ge ndi nthaka, osme ndi fungo. Geosmin wa m'dothi sachokera m'miyala. Amapangidwa ndi tamoyo ta m'nthaka, makamaka mabakiteriya a mtundu wa Streptomyces, komanso tamoyo tina tokhala ngati ndere tomwe timachuluka m'madzi oima. Mukakwapula khasu m'dimba, pachinyontho, fungo lokoma lomwe limatuluka m'dothi lakudalo ndi geosmin, ndipo silidikira mvula.

Kusiyana kwake kuli apa: geosmin ndi chinthu chimodzi, chomwe wasayansi angachiike m'botolo n'kuchiyeza pasikelo. Petrichor ndi fungo lonse la nthawi ija, momwe muli timafuta ta Bear ndi Thomas, geosmin, ndi zina zomwe nthaka ya malo amenewo idasunga. N'chifukwa chake fungo la mvula yoyamba pa katondo wofiira silifanana ndendende ndi la pa mchenga wa kunyanja kapena la pa phula la mumzinda.

Mphuno ya munthu, yomwe timaichepsa tikaiyerekeza ndi ya galu, pa geosmin ndi yodabwitsa. Anthu amatha kumumva ngakhale atachepa kufika pa magawo 5 mwa magawo 1 thiriliyoni. Kunena kwina, supuni imodzi ya tiyi ya geosmin itasungunulidwa m'madzi okwana malita 1 biliyoni, alipo anthu omwe angalawe madziwo n'kunena kuti akumveka dothi. Asayansi ena amaganiza kuti makolo athu akalekale adafunika mphuno yotere kuti azipeza madzi m'nyengo youma. Limeneli ndi ganizo chabe, koma ndi ganizo lomveka kwa aliyense amene adakhalapo m'dera lomwe zitsime zimaphwa.

Chodabwitsa china n'chakuti chinthu chomwechi timachikonda m'mphuno koma m'kamwa timachikana. Mlamba wogwidwa m'thamanda la matope, kapena nsomba ya m'damu lomwe madzi ake abiriwira, nthawi zina imamveka dothi ngakhale itaphikidwa bwino. Ameneyo ndi geosmin ndi anzake, atalowa m'mafuta a nsombayo. Alimi a nsomba odziwa ntchito yawo amaziika m'madzi oyera kwa masiku angapo asanagulitse kuti fungolo lichoke. Kukhitchini nako mankhwala alipo: zinthu zowawasa zimamuphwanya geosmin n'kumusandutsa chinthu chopanda fungo, ndiye mayi wofinyira ndimu pa mlamba asanaukazinge akuchita sayansi yolondola. Madzi a pampopi akamveka dothi m'nyengo yotentha, nthawi zambiri ndi yemweyu wachokera kudamu. Paokha kachinthuka sikavulaza munthu, koma munthu sakhulupirira madzi onunkha, ndipo mankhwala a klorini sakachotsa bwino.

Nanga mabakiteriyawo amamupangiranji? Funsoli lidakhala nthawi yaitali mpaka mu 2020, pomwe ofufuza a ku John Innes Centre ku England ndi anzawo a ku Sweden adafalitsa zomwe adapeza. Streptomyces amatulutsa geosmin pa nthawi yomwe akupanga timbewu tawo tofalitsira mtundu. Fungolo limakopa tizilombo ting'onoting'ono todumpha ta m'nthaka, totchedwa springtail. Tizilomboti timadya mabakiteriyawo, koma timbewu tina timamatirira pathupi pawo, tina timatuluka ndi ndowe zawo tili tamoyo, motero mtunduwo umafika malo atsopano. Fungo lomwe limatiimitsa pakhomo n'kupuma mozama silidapangidwire ife konse. Ndi kuitana kwa tamoyo tosaoneka kopita kwa tizilombo tomwe timatiponda osadziwa. Zolengedwa zina zimalimva mosiyana: tintchentche ta pa zipatso timalithawa poti kwa ito ndi chenjezo la chakudya chowonongeka, pomwe udzudzu wa mtundu wa Aedes aegypti umalitsata posaka madzi oikiramo mazira.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa mabakiteriya amenewa tili nawo ngongole yoposa fungo. Pa Rutgers pomwepo, mu 1943, Albert Schatz, wophunzira yemwe ankagwira ntchito pansi pa Selman Waksman, adapeza streptomycin kuchokera ku mtundu wina wa Streptomyces. Amenewa adali mankhwala oyamba ogonjetsa chifuwa chachikulu cha TB, ndipo alipo ambiri pakati pathu omwe akukumbukira jakisoni wake wa tsiku ndi tsiku. Mtundu winanso, womwe Satoshi Ōmura adaupeza m'dothi la ku Japan m'zaka za m'ma 1970, udabala mankhwala a ivermectin. Ndi mapiritsi aja akhala akugawidwa chaka ndi chaka m'maboma ngati Thyolo, Mulanje ndi Mwanza pothana ndi matenda oyabwitsa thupi ndi kupha maso, ofalitsidwa ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga. Ōmura ndi mnzake William Campbell adalandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyi. Ndikamamva fungo la dothi lonyowa ndimakumbukira kuti banja la tamoyo lomwe likulitulutsalo lapulumutsa miyoyo ndi maso a anthu omwe timakhala nawo.

Tibwerere ku liwu lija. Wina angandifunse kuti: ngati Bear ndi Thomas ankanena za timafuta ta m'miyala, kodi sitikulakwa kale pophatikizamo geosmin? Ndikuvomera kuti tanthauzo lakula kuposa momwe eni ake adaliyambira. Mawu sakhala pomwe adabadwira, ndipo madikishonale a Chingerezi lero amalifotokoza ngati fungo lokoma lotsagana ndi mvula yoyamba pambuyo pa nyengo yotentha ndi youma, osasankha kuti lachokera m'mwala kapena m'mabakiteriya. Kukula kotere ndikukulandira, poti mphuno siitha kulekanitsa zigawozo, ndipo chinthu chomwe chikutchulidwa chikadali chimodzimodzi. Koma kukula komwe kumachotsamo kuuma ndikukukana. Liwu likafika potanthauza mvula iliyonse, chinyontho chilichonse, kapena chisoni chokoma cha tsiku la mitambo, latha ntchito, chifukwa Chingerezi chili kale ndi mawu okwanira onenera zimenezo. Phindu la liwu losowa ngati ili lili m'kuloza chinthu chimodzi chomwe mawu ena onse amachilambalala.

Kwa amene akufuna kuligwiritsa ntchito polemba Chingerezi, kagwiritsidwe kake sikovuta. Ndi dzina, ndipo ndi la gulu la maina osawerengeka, ngati a madzi, mchenga kapena utsi. Siliikidwa "s" kumapeto, ndipo kawirikawiri silitsogozedwa ndi "a". Munthu angalembe kuti "The air was heavy with petrichor", kunena kuti mpweya udadzaza ndi fungolo, kapena "The first storm of October brought dust, thunder and petrichor." Ambiri amalemba "the smell of petrichor". Sikuti ndi tchimo, ndipo akatswiri ena amalemba choncho, koma kwa ine kumeneko n'kubwereza, poti fungo lili kale m'liwulo. Choipirapo ndi "the petrichor of rain", chifukwa fungoli si la mvula. Madzi a mvula paokha alibe fungo limeneli. Ndi la nthaka, mvula imangolimasula.

Malo ake oyenera ndi m'zolembedwa: nkhani yofotokoza malo, ndakatulo, nkhani ya sayansi kapena ya zanyengo. Pocheza wamba, ngakhale ku England kapena ku Australia komweko, munthu amangoti kukununkhira mvula, ndipo wonena petrichor pa minibasi ayembekezere kufunsidwa kuti watanthauzanji. Kwa ana athu olemba chimangirizo pa mayeso a MSCE ndili ndi pempho. Tidaleredwa m'chikhulupiriro chakuti Chingerezi chabwino ndi cha mawu akuluakulu, ndipo mwana akatola liwu ngati ili amafuna kuliponya paliponse kuti aphunzitsi aone. Liwuli liikeni kamodzi, pamalo pake, mutayamba mwamuonetsa wowerenga fumbi, kutentha ndi kudikira. Mukatero, ngakhale wowerenga yemwe sadalionepo adzalimva tanthauzo kuchokera m'ziganizo zolizungulira. Likaikidwa popanda chilimwe patsogolo pake limangokhala chokongoletsera.

Sindikunenanso kuti tilibwereke m'Chichewa. Ife tikati kukununkhira mvula timamvana, ndipo tili ndi dzina lathu la mvula yomwe imabweretsa fungoli, chizimalupsa, lotchula ntchito yomwe mvulayo imagwira pa tchire lopsa. Liwu la Chingerezi limatchula zomwe mphuno imamva pa ola lomwelo. Wodziwa zinenero ziwirizi ali ndi mawu onse awiri, ndipo aliwonse ali ndi pake.

Anthu ena adafika poligwira fungoli n'kuliika m'botolo asayansi asanalipatse dzina, ndipo Bear ndi Thomas adawatchula m'nkhani yawo. Mumzinda wa Kannauj, m'chigawo cha Uttar Pradesh ku India, muli amisiri opanga mafuta onunkhira otchedwa mitti attar, kutanthauza perefyumu wa dothi. Amatenga mapale a dongo lootcha, n'kuwaika mumphika waukulu wamkuwa momwe muli madzi, n'kumata chivindikiro ndi dongo, n'kusonkha moto pansi. Nthunzi imadutsa mu nsungwi kupita m'chotengera china chomwe chamizidwa m'madzi ozizira, ndipo m'menemo mumakhala mafuta a mtengo wa sandalwood omwe amamwa fungolo. Aliyense amene adaonapo momwe amatchezera kachasu angaizindikire njirayi nthawi yomweyo. Ntchitoyi amaibwereza masiku ambiri ndi mapale atsopano mpaka mafutawo atakhuta. India nalo ndi dziko la chilimwe chowawa chomwe chimatha ndi mvula yambiri ya dzinja la kumeneko, yotchedwa monsoon, ndiye n'zomveka kuti kumeneko ndiko anthu adaona kuti fungoli n'loyenera kulisunga ndi kuligula.

Bear ndi Thomas sadalekere pa dzina. Mu 1965 adafalitsa nkhani yachiwiri, yofufuza zomwe timafuta tija timachita ku zomera. Munthu angayembekezere kuti chinthu chobwera ndi mvula chizifulumizitsa mbewu kumera, koma iwo adapeza zosiyana: timafutato timachedwetsa kumera kwa mbewu ndi kukula kwa timbande. Ena amaona apa njira yomwe chilengedwe chimatetezera mbewu za kutchire kuti zisathamangire kumera ndi kamvula kongodutsa.

Mukaphatikiza izi ndi zomwe adapeza a ku MIT, pakutuluka mfundo yomwe ikukhudza aliyense wolima chimanga. Fungoli limakhala lamphamvu kwambiri pomwe nthaka yauma kwambiri ndipo mvula yagwa yochepa, ndiye kuti pa nthawi yomwe chinyontho sichinalowe pansi. Limakoma, limadzutsa mtima, ndipo munthu yemwe wadikira miyezi yambiri ali ndi mbewu m'nyumba amamva miyendo ikuyabwa kuti apite kumunda. Chaka ndi chaka alipo omwe amabzala ndi chizimalupsa, mbewu n'kufufuma, n'kuyamba kumera, kenako dzuwa n'kubwerera kwa masabata awiri kapena atatu n'kuitentha, mbewu yogula ndi ndalama zovuta kupeza. Alangizi a zaulimi amabwereza chaka chilichonse kuti tidikire mvula yobzalira. Alimi achikulire omwe ndimawadziwa sauzidwa ndi mphuno. M'mawa mwake amatenga khasu, n'kukumba pa mzere, n'kupisa dzanja kuti aone pomwe chinyontho chalekezera, ndipo akapeza fumbi pansi pa kachikhakha konyowa amabwerera kunyumba mbewu ili m'thumba.